Mowa wovunduka wa ku Hoegaarden udandikumbutsa mbiya za amayi

Akonzi, ndipatseniko danga ndisimbe za ulendo umene ndidayenda m'mwezi wa May chaka chatha. Ndine mphunzitsi pasukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Ntcheu, ndipo sukulu yathu ili paubale ndi sukulu ina ya m'dziko la Belgium ku Ulaya. Mwayi udandigwera wokakhala kumeneko milungu itatu, kuona momwe anzathu amaphunzitsira. Za m'kalasi ndidalemba kale m'lipoti limene ndidapereka kwa ahedi. Zimene ndikulemba panozi zidasowa malo m'lipotimo, poti ndi nkhani ya mowa.

Musafulumire kutseka tsambali poganiza kuti aphunzitsi ayamba kulalikira uchidakwa. Ine ndi mowa tidadziwana ndili wamng'ono, koma kudziwana kwake kudali kwa pamoto ndi pamtondo. Mayi anga adali ofulula masese. Fizi yanga yonse ya kusekondale idachokera m'mbiya zitatu zimene zinkakhala kuseri kwa khitchini. Ndinkatunga madzi, kuwaza nkhuni ndi kuingitsa nkhuku pamphasa ya chimera. Koma nditapita kusukulu yogonera komweko, anzanga akandifunsa ntchito ya amayi ndinkangoti ndi mlimi. Bodza silidali, komabe sindinkanena zonse. Masese ndinkawaona ngati chakumwa cha anthu osapita kusukulu, ndipo nditayamba kulandira malipiro ndinkati munthu wovala tayi amamwa wa m'botolo, wosefedwa bwino, woti ukauika m'tambula uzitha kuona mnzako kuseri kwake. Manyazi amenewa ndidakwera nawo ndege ku Lilongwe, ndidadutsa nawo ku Addis Ababa, ndipo adakandithera m'kamudzi kena kotchedwa Hoegaarden.

Ndinkagona mumzinda wa Leuven, pamtunda wa makilomita pafupifupi 25 kuvuma kwa Brussels, likulu la dzikolo. Leuven ndi mzinda wa ophunzira. Yunivesite yake idakhazikitsidwa mu 1425, ndipo njinga za anyamata ndi atsikana zimachita kuthithikana m'misewu kuposa za akabaza pa Ntcheu boma tsiku la msika. Ndi kwawonso kwa mowa wa Stella Artois, ndipo fakitale yake ili kufupi ndi siteshoni ya sitima. M'mawa wina ndikupita kusukulu mphepo idandibweretsera fungo lochokera kufakitaleko. Ndidaima chilili panjira. Lidali fungo la phala la mowa likuwira, lomwe lija linkatidzutsa mbandakucha amayi akatereka mgolo pamoto. Mnzanga amene ndinkayenda naye, mphunzitsi wa geography pasukulu imene idandilandira, adadabwa kuona ndikununkhiza m'mwamba ngati galu wa uzimba. Nditamuuza, osafuna kwenikweni, kuti mayi anga ankafulula mowa wa chimanga ndi mawere, wovunduka, wosaonekera, nkhope yake idawala. Adati Loweruka tipite kwawo kwa agogo ake, ndikaone kuti nawonso ali ndi wawo wovunduka.

Lowerukalo tidakwera sitima ya pamtunda kupita ku Tienen, ulendo wa mphindi zosakwana 20. Tienen ndi tauni ya shuga, koma mzimbe simungaupeze. Shuga wawo amachokera ku mbewu yotchedwa beet, yoika kunsi ngati mpiru wa mutu waukulu, ndipo fakitale yake imaonekera patali. Kuchoka apo tidakwera basi ya makilomita ochepa chabe. Kunja kwa windo kudali minda yokhayokha pazitunda zazifupi zotsetsereka pang'onopang'ono, dothi lake lofiirira, lonenepa. Tirigu adali asadache, ali biriwiri, akugwedezeka ndi mphepo. Ine wa ku Ntcheu tirigu sindimudabwa, poti ku Tsangano amalima, koma sindidaonepo wochuluka chotero, munda umodzi kukula ngati mudzi wathunthu, wopanda munthu ndi mmodzi yemwe wogwira khasu.

Hoegaarden ndi kamudzi ka anthu osafika 10 000. Eni ake amalankhula Chidatchi cha ku Flanders, ndipo dzinali amalitchula mokhala ngati "Hukharden", kukhosi kukupalasa. Ukangoyenda pang'ono kummwera wafika kwa olankhula Chifalansa. Nyumba zake ndi za njerwa zofiira, zogundana, ndipo pakati pa mudzi pali tchalitchi chachikulu cha Sint-Gorgonius, chomangidwa m'zaka za m'ma 1750, chachikulu moti umadzifunsa kuti anthu ochepa chotero ndalama yake adaitenga kuti. Mnzangayo adati yankho lake ndi mowa. Kalekale kamudzi aka kadali pansi pa ulamuliro wa bishopu wa ku Liège pamene midzi yonse yozungulira idali ya Brabant, ndiye ofulula mowa a pamenepa sankalipira misonkho yolemera imene anzawo oyandikana nawo ankalipira. Malo ofululira adachuluka, ndipo ngolo za migolo zinkatuluka m'mudzimo kupita kumatauni akutali. Pabotolo la mowa wa Hoegaarden amalembapo chaka cha 1445, kukumbukira nthawi imene amati amonke adayamba kufulula pamalopo.

Tidakhala panja pa kanyumba kena komwera, pamipando yachitsulo, dzuwa la masana likuwomba mofatsa. Mnzanga adaitanitsa mowa wotchedwa witbier m'Chidatchi, kapena bière blanche m'Chifalansa. Mayina onsewa akutanthauza mowa woyera. Mtengo wake udali pafupifupi ma euro atatu, ndipo nditausintha mumtima kupita ku makwacha ndidatsokomola ndisadamwe. Mayi wogulitsa adabwera ndi mabotolo awiri ndi matambula awiri okhuthala, olemera, a mbali zisanu ndi imodzi, okamwa kwakukulu. Ku Belgium pafupifupi mowa uliwonse uli ndi tambula yakeyake, ndipo kuthira mowa m'tambula ya mowa wina amakuona ngati kupatsa mlendo nsima m'mbale ya ndiwo. Ya Hoegaarden amati idatengera mabotolo akale osungiramo jamu. Kukhuthala kwake kumathandiza kuti kutentha kwa dzanja kusafike msanga kumowa.

Ndidatola botolo kuti ndikhuthule monga tichitira kwathu, koma mayiyo adandigwira dzanja. Adapendeketsa tambula, n'kuthira pang'onopang'ono mpaka m'botolo mudatsala gawo limodzi mwa magawo atatu. Kenaka adazunguza botololo kangapo kuti nsenga za pansi zidzuke, n'kutsanulira zonse pamwamba. Ndidaona mtambo wa nsengazo ukutsika m'tambula, mowa umene udali wachikasu chotuwa n'kusanduka wa mbuu, wosaonekera, ngati madzi a mandimu othira ufa pang'ono. Pamwamba padakhala thovu loyera, lokwera zala ziwiri. Ndidaseka ndekha. Kwathu wogulitsa masese amavundula m'mbiya ndi chikho asadatunge, ndipo amene amagwedeza paketi ya Chibuku asadatsegule amachitanso zomwezo. Ndidawoloka nyanja ndi zipululu kukapeza azungu akuvundula nsenga.

Mnzanga adati ndisathamangire kumeza, ndiyambe ndanunkhiza. Fungo loyamba lidali la malalanje, lofanana ndi limene limatsala m'zala ukasenda lalanje losapsetsa. Pambuyo pake padabwera lina la zokometsera, lokhala ngati la musitolo yogulitsa zothira mundiwo, ndipo pansi pa zonsezi padali fungo la mtanda wa buledi umene wayamba kufufuma. Tidagundanitsa matambula, iye nati "santé", ine n'kuvomera.

Kukamwa mowawu ndi wofewa. Sukanda lilime ngati mowa wa m'botolo umene tidazolowera, ndipo kuwawa kwake n'kochepa kwambiri. Umayamba ndi kutsekemera kwapatali, kenaka kamabwera kowawasa pang'ono kokhala ngati ka thobwa logonera usiku umodzi, ndipo ukameza pamatsala kukoma kwa khoko la lalanje ndi kakuthwa kochepa kumapeto a lilime. Uli ndi thupi, umadzaza m'kamwa ngati wathiridwa mkaka pang'ono chikhalirecho mulibe mkaka. Mpweya wake ndi wambiri koma timathovu take n'tating'ono. Ukali wake ndi 4.9 peresenti, wosasiyana kwenikweni ndi mowa wa m'mabotolo wa kuno, ndipo apa m'pofunika kuchenjera, chifukwa umatsika ngati chakumwa cha ana. Chimene ndidazindikiranso n'chakuti umasintha tambula ikamatha. Uli wozizira kwambiri, lalanje ndilo limamveka. Ukayamba kufunda pang'ono, zokometsera zija ndi tirigu zimatulukira. Wogugudiza kamodzi n'kamodzi zonsezi sangazimve.

Adatipatsanso kambale ka tchizi chodula timabokosi, chowaza mchere wonunkhira, ndi kampiru wopera wothowa. Mafuta a tchizi akamata m'kamwa, mowa uja umawatsuka, n'kuyambiranso ngati sunadye kanthu. M'malo ena amaika kachidutswa ka ndimu pamlomo pa tambula, koma mnzanga adapukusa mutu nati zimenezo n'za alendo, ndimu imapha thovu ndiponso imaphimba lalanje limene ofulula adaikamo kale.

Pofuna kudziwa chimene chimabweretsa kukoma kotere ndidafunsa zimene amathiramo, ndipo si chinsinsi. Chimera chawo ndi cha barele, amachinyika, kuchimeretsa ndi kuchiumitsa monga momwe tichitira ndi mawere. Gawo lina lalikulu ndi tirigu wosameretsa, ndipo ena amaonjezako oats. Tirigu ameneyu ali ndi mapuloteni amene sakhazikika pansi msanga, ndipo pamodzi ndi yisiti amene samusefa ndiwo amachititsa kuti mowawo ukhale wovunduka ndi wofewa. Amathiramo hops, maluwa a chomera china choyanga amene amawawitsa mowa ndi kuuteteza kuti usaonongeke, koma amangowaza pang'ono. M'malo mwake mumalowa njere za koriyanda zosinja ndi makoko ouma a malalanje owawa. Malalanje otchuka pantchitoyi ndi a ku Curaçao, chilumba cha ku Caribbean chimene chidalamulidwa ndi Adatchi. Chipatso chake sichidyeka chifukwa cha kuwawa, koma khoko lake likauma limanunkhira. Akathira m'botolo, yisiti uja amapitiriza ntchito yake m'katimo, n'chifukwa chake pansi pamakhala nsenga.

Akale a kumeneko ankamwa witbier wowawasa kuposa wa lero. Tizilombo tomwe tija timasasitsa mkaka kukhala chambiko tinkalowamo, ndipo nyengo yotentha mowawo sunkakhalitsa, unkayenera kumwedwa m'masiku ochepa usadasanduke viniga. Aliyense amene adakhalapo pafupi ndi mbiya ya masese akudziwa vuto limeneli. Amayi akafulula mowa anthu n'kusabwera, mwina kwagwa maliro mudzi wina, pofika tsiku lachitatu mowa wasasa, ufa ndi nkhuni zapita pachabe, fizi yanga n'kudikira mwezi wina.

Tili patambula yachiwiri, mnzanga adandifotokozera mbiri imene idandikhudza kuposa kukoma kwa mowawo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anthu a ku Belgium adatembenukira kumowa wosefedwa, wagolide, woonekera, wa mtundu wa pils, wochokera m'mafakitale akuluakulu. Unkakhalitsa, unkayenda mitunda italiitali osaonongeka, ndipo unkaoneka wachitukuko. Mowa wovunduka udayamba kuonedwa ngati wa alimi ndi nkhalamba. Malo ofululira a m'mudzimo adatsekedwa amodziamodzi, ndipo mu 1957 omaliza, a banja la Tomsin, adazimitsa moto. Mudzi umene udamanga tchalitchi chachikulu chija ndi ndalama za mowa udatsala wopanda ndi dontho lomwe la witbier.

Pafupi ndi malo a Tomsin pankakhala munthu wina wogulitsa mkaka, dzina lake Pierre Celis, wobadwa mu 1925. Ali mnyamata ankathandizako ntchito pamalopo, ndipo adaona ndi maso ake momwe mowawo unkapangidwira. Anthu a m'mudzimo ankangodandaula pocheza kuti mowa wawo wakale udapita. Iye adatola zipangizo zakale, n'kuyamba kuyesa pakhomo pa makolo ake, ndipo mu 1966 adayamba kugulitsa. Achinyamata, makamaka ophunzira a m'matauni, adaukonda, ndipo malonda adakula kufikira adasamukira kumalo aakulu amene adawatcha De Kluis. Ofulula ena m'dzikomo ataona zimenezi adayambanso kupanga wawo. Lero witbier akupangidwa m'maiko ambiri, ku America, ku Japan ndi kwina, ndipo akafufuza gwero lake onse amafika kwa wogulitsa mkaka ameneyu.

Nkhani yake sidathere pachimwemwe chokha. Mu 1985 moto udatentha fakitale yake, ndipo inshulansi imene adali nayo idali yochepa. Adalandira thandizo la ndalama kuchokera kukampani yaikulu ya ku Leuven ija, ndipo patapita zaka zochepa adaigulitsa fakitale yonse kukampaniyo, imene panthawiyo inkatchedwa Interbrew. Ali ndi zaka zoposa 65 adasamukira ku Austin m'chigawo cha Texas ku America, kumene adatsegula malo ena ofululira mu 1992. Adamwalira mu 2011. Mu 2005 eni atsopano adalengeza zoti asamutsira ntchito yofulula Hoegaarden kufakitale ina ku Jupille, kufupi ndi Liège. Anthu a m'mudzimo adachita zionetsero, ndipo mu 2007 kampaniyo idasintha maganizo, mowa n'kupitiriza kufululidwa kwawo. Mpaka lero akuluakulu ena pamudzipo amati wa Celis udali wokoma kuposa wa masiku ano. Ine wolawa dzulodzuloli sindingaweruze mlandu umenewo, koma madzulo ake ku Leuven ndidalawako wina wotchedwa St. Bernardus Wit, wa ku Watou, umene Celis yemweyo adathandiza kukonza. Udali wolemererapo, zokometsera zake zomveka kwambiri, ndipo ndidaona kuti ngakhale mowa wa dzina limodzi umasiyana malinga ndi dzanja la wofulula, monga momwe kwathu anthu ankadziwira masese a amayi pongolawa, osauzidwa.

Tisadachoke tidayenda wapansi kuzungulira mudziwo. Tidadutsa pafakitale, pomwe akasinja achitsulo aatali aima pambali pa nyumba zakale za njerwa. Tidalowa m'tchalitchi muja, mozizira ndi mwa zii, momwe chaka chilichonse pa Lamulungu la Kanjedza mumayambira mdipiti wa amuna 12 oimira atumwi. Pobwerera pamalo okwerera basi nthawi idali itadutsa 8 koloko madzulo koma dzuwa lidakali m'mwamba, poti m'mwezi wa May kumeneko limalowa cha m'ma 9 koloko. Ndidakhala duu pabenchi ndikuwerengera. Kuyambira 1957 kufika 1966 ndi zaka zisanu ndi zinayi zokha. Celis akadachedwa zaka zina makumi awiri, onse odziwa kafululidwe kake akadakhala atagona kumanda, ndipo zikadatsala ndi nkhani chabe yoti kale kuno kudali mowa wokoma.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'mudzi mwathu ndili mwana ofulula masese adalipo ambiri, ndipo ankagawana masiku kuti asaphane malonda. Padali mowa wa dima, woitanira anthu kudzathandiza kulima, padali wa chikumbutso cha omwalira, wa ukwati, wa zokolola. Mwini mowa ankayamba walawa yekha pamaso pa onse asadapereke chipanda kwa akulu, ndipo chipandacho chinkayenda mwa ulemu kuchokera kwa wina kupita kwa wina. Lero otsala ndi amayi awiri okha, onse a imvi. Mawere alimi ambiri adasiya kufesa. Anyamata amathamangira kachasu ndi timabotolo ta mowa waukali totsika mtengo, chifukwa chimene akufuna n'kuledzera msanga ndi ndalama yochepa. Ena mwa iwo ndi ophunzira anga, ndipo ndaonapo ana anzeru akusiya sukulu ali Fomu 3 chifukwa cha zimenezi. Ife ovala tayi tili kugolosale ndi mabotolo athu. Kuyambira pamene fakitale ya Carlsberg idatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark, botolo lobiriwira lidasanduka chizindikiro choti munthu zake zikuyenda. Palibe cholakwa ndi botololo. Cholakwa chidali mwa ine amene ndinkaganiza kuti polinyamula ndiyenera kunyoza mbiya imene idandiphunzitsa.

Sindikunena kuti ku Belgium kulibe zidakwa. Pabwalo la Oude Markt ku Leuven, lozunguliridwa ndi malo omwera okhaokha, ndidaona ophunzira akudzandira usiku monga achitira kulikonse, ndipo lamulo lawo limalola mwana wa zaka 16 kugula mowa, chinthu chimene ine monga mphunzitsi sindidagwirizane nacho. Mowa ndi mowa, umaphwasula mabanja kwa azungu ndi kwa ife chimodzimodzi. Koma ndidaonanso chinthu china chimene kwathu chikutha, munthu kukhala ndi tambula imodzi ola lathunthu, kuinunkhiza, kuikambirana, kudziwa mudzi umene idachokera ndi mbewu zimene zidalowamo, kenaka n'kunyamuka ali bwinobwino kukakwera njinga yake. Agogo athu ankamwa masese motero pansi pa mtengo, nkhani zikuyenda, ndipo woledzera mpaka kugwa ankasekedwa. Mu 2016 bungwe la UNESCO lidaika chikhalidwe cha mowa cha ku Belgium pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse. Chaka chotsatira, mu 2017, nsima yathu idalowa pamndandanda womwewo. Ngati luso lophika nsima lidalemekezedwa chotero, luso losandutsa ufa womwewo kukhala thobwa ndi masese silingakhale lochititsa manyazi.

Nditabwerako ndidangogona masiku awiri n'kupita kumudzi. M'chikwama ndidali nditakulunga m'malaya tambula ija ya mbali zisanu ndi imodzi, imene ndidagula tsiku lomaliza. Amayi adaitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti ndi yabwino kusungiramo mchere. Ndidawafotokozera za mowa wovunduka wa azungu ndi za wogulitsa mkaka uja, kenaka ndidatulutsa kope ndi cholembera.

"Amayi, ndiuzeni momwe munkafululira, kuyambira pachimera mpaka pokuntha. Ndikufuna ndilembe."

Adandiyang'ana nthawi yaitali. "Aphunzitsi, lero mwaufuna mowa wa anthu osaphunzira?"

Mawu amenewo sindidawalankhulepo pamaso pawo, koma zidaoneka kuti adawamva kalekale. Ndidaweramitsa mutu n'kupepesa. Adaseka, n'kundiuza kuti ndisendeze mpando.

Adayamba ndi mawere, kuwanyika m'madzi, kuwavundikira m'thumba kufikira atatulutsa timizu toyera, kuwayanika padzuwa ndi kuwasinja. Adafotokoza za phala la ufa wa chimanga, za kulidikira kuti lizizire kufika poti chala chipirire usadathire chimera, chifukwa likatentha kwambiri limapha mphamvu ya chimeracho. Adanena za tsiku limene limakhala thobwa lotsekemera loti ana amwe, za kuliphikanso, kuthiranso chimera china, kulisiya kuti liwire lokha m'mbiya, ndi kukuntha. Zambiri mwa izi ndimaphunzitsa m'kalasi ndi mawu a Chingerezi, za wowuma wa m'chimanga kusanduka shuga ndi shuga kusanduka mowa, osazindikira kuti katswiri wake ndidamusiya kunyumba. Koma nditafunsa miyezo, kuti chimera chikhale makapu angati pamgolo umodzi, adakana. Adati dzanja ndilo limadziwa, ndipo khutu limamva mowa ukapsa, umalira mwina ukamawira ndipo umalira mwina ukakhwima. Zimenezo m'kope sizilowa.

Apa m'pamene ndidamvetsa chifukwa chimene Celis adathera kuukitsa mowa wa kwawo. Adagwirako ntchitoyo ndi manja ali mnyamata. Kope langa lili ndi masamba asanu ndi limodzi odzaza, koma palokha silingafulule kanthu. Tidapangana ndi amayi kuti tchuthi chikubwerachi, tikatha kukolola, tidzafulula mbiya imodzi, ine ndi mdzukulu wawo wamkazi amene ali Fomu 2, iwo atakhala pamkeka n'kumatilangiza. Mawere ndapeza kale mabigiri awiri kwa mlimi wina kuphiri. Anzanga ena akuti mwamuna, mphunzitsi, kumaima pamgolo wa mowa n'zochititsa manyazi. Ndawauza kuti nkhuni ndi madzi a mowawo ndinkanyamula ndine kuyambira kale.

Kwa owerenga amene mwayi udzakugwereni wofika ku Belgium, kapena mudzapeze botolo la witbier m'sitolo zikuluzikulu, kumbukirani kusiya pang'ono pansi, kuzunguza, n'kutsanulira nsenga zonse m'tambula. Nunkhizani musadamwe, ndipo imodzi kapena ziwiri zakwana. Koma amene muli ndi mayi, azakhali kapena agogo odziwa kumeretsa chimera, musadikire ndege. Pitani mukakhale nawo pamoto adakali ndi mphamvu zotakasa phala. Tambula ija amayi adaikamodi mchere, koma alonjeza kuti tsiku lokuntha adzaitsuka, ndipo ndidzalawira m'menemo iwo atayamba alawa.

Mphunzitsi,
Ntcheu